A Kopolo ndi supuni ya Duncan

Apongozi anga, bambo ake a mkazi wanga Esinati, anatisiya mwezi watha kwawo ku Ntcheu. Dzina lawo linali Yesaya, koma sindinamvepo munthu akuwatchula choncho. Kumudzi, kutchalitchi, ngakhale kuno ku Hull kumene ankabwera kudzacheza nafe, aliyense ankangoti a Kopolo, chifukwa ali mnyamata anamenya nawo nkhondo ku Burma ndipo anabwerako ndi mizere iwiri pamkono. Esinati anakwera ndege kukaika maliro. Ine ndinatsala ndi nyumba, ndipo m'masabata amenewa ndawaganizira kuposa mmene ndinkawaganizira ali moyo. Ndinene chilungamo, ulendo woyamba umene anabwera sindinawakonde.

Anabwera ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, apongozi aakazi atangomwalira kumene, ndipo mapepala awo anali a miyezi isanu ndi umodzi. Esinati ndi nesi, masiku ambiri amaswera kuchipatala. Ine ndimagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu kufupi ndi doko, ndipo nthawi imeneyo ndinkaweruka masana. Choncho wokhala nawo ndinali ine, mkamwini, m'kanyumba koti munthu akatsokomola kuchipinda umamumva uli kukhitchini. Kwathu mkamwini ndi apongozi amapatsana mpata, koma kuno mpatawo unalibe poupeza.

Ankadzuka m'mamawa n'kuyala bedi mwakuti bulangete linkawongoka ngati thabwa. Kenako nsapato. Ankapolisha zawo, akamaliza n'kutenga zanga osandifunsa, n'kukaziika pakhomo la chipinda chathu zikunyezimira, osanena kanthu. Kusanena kanthuko n'kumene kunkandiwawa. Kwa alendo ankakonda kunena kuti munthu wa nsapato zafumbi, ngakhale atalankhula Chingerezi chotani, sungamutume uthenga, ndipo ponena zimenezi sankandiyang'ana n'komwe. Ankadananso ndi hita. Ankati imaphika munthu ali moyo, ndiye ndikangotuluka ankaizimitsa n'kutsegula zenera kuti mphepo ya kunyanja ilowe. Ine ndikabwera ndinkatseka zeneralo n'kuyatsa hita. Nkhondo imeneyi tinaimenya zaka zinayi popanda wina kuitchula pakamwa.

Mpando wawo unali wapazenera pomwepo, woyang'ana kumsewu, ndipo aliyense wodutsa ankamukwezera dzanja. Poyamba azungu a mumsewu mwathu ankangoyang'ana kumbali. Ine manyazi ankandigwira, mpaka ndinawauza kuti kuno anthu sapatsana moni chisawawa. Anayankha kuti ndiye aphunzira. Pofika mwezi wachitatu, wogawa makalata ankaima pazenerapo n'kuwachitira sawatcha, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene ine ndinali ndisanalankhulepo naye zaka ziwiri zathunthu, anawabweretsera sikafu yoluka yekha.

Azungu ankawagawa pawiri. A ku England ankati ndi anthu abwino ndithu, kungoti nthawi zonse amaoneka ngati achedwa kwinakwake. Anthu enieni ankati ndi a ku Scotland. Nditawafunsa kuti a ku Scotland akuwadziwa angati, anati mmodzi, ndipo anakwana.

Mmodziyo ndinamudziwa chifukwa cha kupusa kwanga. Tsiku lina ndikusesa pabalaza ndinapeza pansi pa mpando wawo sokosi yomanga mfundo, mkati mwake muli supuni yakale, yotha mbali imodzi, yakuda ndi ukalamba. Ndinaganiza kuti ndi zija za okalamba zobisa tinthu. Ndinaikwecha ndi kawaya kotsukira mapoto mpaka inayera, n'kuiponya m'dirowa pamodzi ndi zinzake, ndipo madzulo ndinatakasira tiyi wanga. A Kopolo ataiona m'kapu mwanga sanakalipe. Anangotambasula dzanja, ine n'kuwapatsa, iwo n'kuipukuta ndi mpango wawo n'kukwera kuchipinda. Tsiku limenelo sanadye, mawa lake sanadyenso. Esinati atamva zimene ndinachita anagwira pakamwa. Anati ana onse asanu ndi awiri anakula akuidziwa supuniyo, ndipo palibe anaikhudzapo, ngakhale mayi awo. Chaka china nyumba itapsa kumudzi, bambo ake anatuluka m'motomo ndi supuniyo m'manja, wailesi n'kuisiya.

Ndinapita kukapepesa, n'kugwada pakhomo la chipinda chawo monga mkamwini woleredwa bwino. Anandisiya pomwepo kwa kanthawi ndithu, kenako anati ndilowe nditseke chitseko. Anandionetsa chigwiriro cha supuni. Panali zilembo zozokota ndi msomali, dzina ndi nambala ya usilikali, zimene ine pokwecha paja sindinazione. Ndipo anandiuza za Duncan.

Duncan anali sajeni wachizungu m'gulu lawo, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zitatu wochokera kumudzi wina wa asodzi ku Scotland. Anali wa tsitsi lofiira, ndipo khungu lake silinkamvana ndi dzuwa. Ankalankhula Chinyanja chopindika chimene asilikali ankachiseka iye ali pomwepo, iye n'kumaseka nawo. Ankaopa misundu kuposa zipolopolo, ndipo a Kopolo ndiwo ankamuchotsa misunduyo kumsana ndi ndudu yoyaka. Iyenso ankawalembera makalata opita kumudzi, poti nthawi imeneyo anali asanadziwe kulemba, ndipo ankawonjezeramo moni wake kwa anthu amene sanawaonepo. Tsiku lina akuwoloka kamtsinje anawomberedwa pamimba. Za imfa yake a Kopolo sanandiuze zambiri tsiku limenelo. Anangoti anafera m'manja mwawo, anamuika iwo ndi anzawo atatu, ndipo asanatsirizike anawapatsira mawu oti akanene kwawo. Ndinafunsa ngati mawuwo anakanena.

"Ndi amene ndili nawo mpaka lero," anatero. "Mwambo mukuudziwa, bambo a Tadala. Munthu akafera kutali, amene anamutseka maso amapita kwa eni ake ndi chinthu cha malemuyo, n'kukakhala pansi, n'kufotokoza zonse. Ine sindinapite. Maliro amene aja sanathe."

Nkhondo itatha anawakweza sitima ya pamadzi kubwerera kwawo. Anakayesa kuboma, koma kalaliki anawauza kuti za azungu zili ndi eni ake, ndipo abale a malemuyo anauzidwa kale pakalata. Kwa a Kopolo kalata sinali uthenga. Apa ndi pamene ndinazindikira chimene anavomerera kukwera ndege atakalamba chotero, munthu amene ankakana ngakhale kupita ku Blantyre. Ife tinkati tawaitana kuti adzapume, aiwaleko maliro a akazi awo. Iwo anabwera ndi ntchito yawo, ndipo inali itawatsalira miyezi inayi.

M'masiku amenewo pa kanema ankaonetsa kawirikawiri mabokosi a asilikali ofera ku Iraq akutsitsidwa mundege, atakutidwa ndi mbendera. A Kopolo ankadzuka n'kuima njo mpaka nkhaniyo ithe, ndipo ine ndikakhalabe pansi ankandiyang'ana mpaka nanenso ndiimirire. Tsiku lina anaonetsa mnyamata wa ku Scotland, chithunzi chake akumwetulira, mayi ake akulephera kulankhula. A Kopolo anafunsa ngati mnzake amene anali naye pomwalira wapita kale kwa mayiwo. Ndinati sindikudziwa. Anati ndifufuze, ngati kuti ine ndikanatha kungoimbira foni asilikali a dziko la eni.

Kufufuza abale a Duncan kunatitengera miyezi iwiri. Anatithandiza ndi mayi wina wa kulaibulale ya mumzinda, amene anatenga nambala ya pasupuni ija n'kutipezera dzina la mudzi. Tinalembera mbusa wa kumeneko. Anayankha kuti makolo a Duncan anamwalira kalekale, koma mlongo wake wamng'ono, Morag, anakwatiwa ndi munthu wa mumgodi n'kusamukira ku Wakefield, ndipo ali moyo, ndi wamasiye. Kuchokera pakhomo pathu kupita ku Wakefield ndi ulendo wa ola limodzi pagalimoto. A Kopolo atamva zimenezi anakwera kuchipinda kukapolisha nsapato.

Apa ndi pamene tinakangana kwenikweni. Ine ndinati tiyambe talemba kalata, tipemphe tsiku. Ndinalembadi, kawiri konse, koma yankho silinabwere. Ndinawauza kuti mzungu akakhala chete ndiye kuti wakana, ndipo kuno supita pakhomo pa munthu wopanda apoyintimenti, makamaka mayi wokalamba wokhala yekha. Iwo anati chibadwire sanamvepo kuti maliro amapempha apoyintimenti. Ndinati zaka makumi asanu ndi limodzi zapita, bala linapola, tisakalikandenso. Anati ine ndakhalitsa kuno mpaka ndayamba kuopa anthu. Mawu amenewa anandilasa mtima chifukwa anali oona. Mapepala anga anali akudikira kuwonjezeredwa masiku, ndipo sindinkafuna kuti dzina langa lilembedwe ndi wapolisi aliyense.

Sanandiumirize. Lamlungu lotsatira titamaliza mapemphero, m'chipinda chobwereka mmene Amalawi a mu Hull timakumana, anangoimirira n'kulengeza kuti ali ndi maliro ku Wakefield Loweruka, ndipo akupempha operekeza. Palibe Mmalawi angamve mawu amenewo kwa munthu wamkulu n'kuyang'ana pansi. Anthu asanu ndi awiri anakweza manja asanafunse n'komwe kuti wamwalira ndani. Atamva kuti malemuyo anamwalira iwo onse asanabadwe anayang'anizana, koma manja anali atakwezedwa kale.

Loweruka m'mawa tinanyamuka pagalimoto ziwiri, anthu khumi kuwerengera ine ndi Esinati. Amayi anavala zitenje pamwamba pa majekete, mipango kumutu. Tinanyamula shuga, masamba a tiyi ndi ufa. A Kopolo anati pamaliro sapita opanda nkhuni, ndiye anandiimitsa pamalo omwetsera mafuta kuti ndigule kathumba ka zikuni zimene azungu ena amasonkhera m'nyengo yozizira. Ndinawauza kuti mayiwo mwina alibe ngakhale poyatsira moto. Anati zimenezo si zanga.

Nyumba yake inali yaing'ono, yopanda chipinda cham'mwamba, ndi kapinga patsogolo. Ine ndinalunjika kukhomo kuti ndikalize belu, koma a Kopolo anandigwira mkono. Pamaliro sagogoda. Umafika, kukhala pansi mwakachetechete, eni ake n'kukuona okha. Ndiye tinakhala pansi pakapinga wonyowa wa mwezi wa Febuluwale, amuna mbali iyi amayi mbali iyo, mitu yowerama, nkhuni ndi ufa zili patsogolo. A Kopolo anavula chipewa. Katani ya pazenera inagwedezeka, kenako ya nyumba yoyandikana nayo, kenako ya kutsidya kwa msewu. Madzi analowa m'buluku langa. Mumtima ndinkawanyoza apongozi anga, Mulungu andikhululukire, ndipo ndinkaganiza mmene tinkaonekera kwa mayi amene anali mkatimo, anthu akuda khumi osawadziwa atakhala chete pabwalo pawo.

Pasanathe theka la ola galimoto ya polisi inaima pamsewu. Anatsika awiri, mwamuna ndi mkazi. Wamkaziyo anafunsa mwaulemu kuti wamkulu wa gululi ndani ndipo tikufunanji. A Kopolo anadzuka movutikira, Esinati akuwagwiriza, anawongola jekete, n'kunena m'Chingerezi chawo cha kunkhondo dzina lawo, udindo wawo, ndi kuti abwera kudzapereka lipoti la imfa ya Sajeni Duncan kwa mlongo wake. Anamasula sokosi ija n'kupereka supuni. Wapolisiyo anaiyang'ana, anatiyang'ana ife, n'kupita nayo kukhomo. Chitseko chinatseguka pang'ono, unyolo uli wokolekabe, ndipo tinangoona dzanja likulandira supuni. Chinatsekedwanso. Tinadikira.

Chitatseguka kachiwiri panaima mayi wamfupi, wowonda, wa tsitsi loyera, atavala masilipasi. Apolisi sanawayang'ane n'komwe. Anafunsa kuti wabwera ndi supuniyi ndani, ndipo a Kopolo atayankha, anati tonse tilowe tisafe ndi chisanu, koma tipukute mapazi. Pambuyo pake anatiuza kuti makalata anga anawalandira, koma anayesa kuti ndi a akuba aja olembera anthu okalamba, ndipo apolisi anawaitana ndi a nyumba yoyandikana nawo.

Pabalaza panali pothina. Amayi athu anakana mipando n'kukhala pakapeti. Pashelefu panali chithunzi cha mnyamata wovala yunifomu, ndipo a Kopolo atachiona anaima njo kwa kanthawi asanakhale pansi. Kenako anandikodola. Uthenga wa maliro umadzera mwa munthu wapakati, ndiye anati iwo alankhula Chichewa, ine ndizimasulira.

Anayambira pakamtsinje paja. Ananena kuti kunali mvula, ananena pamene chipolopolo chinalowera, ine ndikumasulira. Kenako anati Duncan sanafe tsiku lomwelo. Anakhala masiku awiri, iwo akumunyamula pamachira a nsungwi kudutsa m'nkhalango kufunafuna kumene kunali dokotala, ndipo ululu unali woti ankaluma lamba kuti asakuwe, adani angamve. Ndinayang'ana Mayi Morag, manja awo ali pamiyendo atafumbata supuni. Chifundo chinandigwira, kapena mwina anali mantha anga aja. Ndinawauza m'Chingerezi kuti mchimwene wawo anamwalira mwamsanga ndipo sanavutike.

A Kopolo anamenya pansi ndi ndodo.

"Bambo a Tadala, Chingerezi ndinachimva inu musanabadwe. Mwanama. Ndasunga mawu amenewa zaka zonsezi kuti inu mudzawathire shuga?"

Mayi Morag anafunsa chimene bambowo ananena. Ndinalibe pothawira, ndinaulula. Anadzuka n'kutulutsa m'dirowa kalata yofiirira ndi ukalamba, n'kundipatsa kuti ndiwerenge. Inali yochokera kwa mkulu wina wa asilikali kupita kwa mayi awo, ndipo inkanena kuti mwana wawo anafa nthawi yomweyo osamva ululu.

"Mawu amenewo ndili nawo kale, mwana wanga," anatero. "Amayi onse a m'mudzi mwathu amene anataya ana analandira omwewo, ndipo palibe anawakhulupirira. Asiyeni bambowa anene."

Ndiye ndinamasulira zonse, liwu ndi liwu. Ndinanena mmene ankamutchingira mvula ndi bulangete, ndi mmene ankamunyowetsera milomo ndi madzi a musupuni yomweyo chifukwa m'kapu sankatha kumwera. Ndinanena kuti anamwalira m'mawa wa tsiku lachitatu mutu uli pamiyendo ya a Kopolo, kuti manda anakumba ndi zikwanje ndi manja pansi pa mtengo waukulu, ndipo mmodzi wa iwo, mwana wa mkulu wa mpingo, anapemphera m'Chinyanja. Mayi Morag anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati panali nthawi imene anamusiya yekha. A Kopolo sanadikire ine. Anayankha okha m'Chingerezi kuti ayi, ngakhale mphindi imodzi.

Kenako anafika pa mawu aja. Ine ndinkayembekezera mawu aakulu, a za Mulungu kapena za dziko. A Kopolo anakonza pakhosi, n'kuwanena m'Chinyanja chopindika cha mwini wake, mmene anawamvera.

"Ukauze Morag, njinga yanga atenge. Ndinamukaniza chabe."

Nditamasulira, Mayi Morag anayamba kuseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira kosatonthozeka. Atapeza mpweya anatifotokozera. Duncan akupita kunkhondo iwo anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anamupempha kuti azikwera njinga yake iye kulibe, iye anakana n'kuimangirira kudenga la shedi. Anakwiya mwakuti tsiku lonyamuka anakana kukamuperekeza kusiteshoni, anabisala kuseri kwa nyumba. Kalata ija itabwera, mayi awo analetsa aliyense kukhudza njingayo, ndipo inachita dzimbiri pomwepo mpaka nyumba inagulitsidwa. Moyo wawo wonse ankaganiza kuti mchimwene wawo anafa atawasungira chakukhosi.

"Mwachedwa, bambo Kopolo," anatero akupukuta m'maso.

"Ndachedwa, mayi. Pepani."

Mmodzi wa amayi athu anayambitsa nyimbo ya maliro chapansipansi, tonse n'kulandira. Mayi Morag anaizindikira, poti maimbidwe ake anabwera kwathu ndi amishoni a kwawo, ndipo anaimba nafe m'chilankhulo chawo. Apolisi aja, amene anali ataima pakhomo, anachoka nyimbo ili mkati, ndipo dzina langa sanalilembe. Nyumbayo, monga ndinanenera, inalibe poyatsira moto. Nkhuni zinatsala pambali pa chitseko, ndipo Mayi Morag anakana kuti wina azichotsepo. Pobwerera a Kopolo anagona njira yonse, kukamwa kuli yasa. Aka kanali koyamba kuwaona akugona masana.

Musaganize kuti anasintha. Anabweranso katatu m'zaka zotsatira, ndipo nkhondo ya hita inapitirira. Ankauza aliyense kuti mkamwini wawo ndi womasulira wothira shuga, mpaka dzinali linandikanirira kutchalitchi. Koma ulendo wachiwiri ndinadzuka m'mawa n'kupeza nsapato zawo zili pakhomo la chipinda chathu, zafumbi. Ndinazipolisha. Esinati anati mwa ana awo onse palibe anapatsidwapo ntchito imeneyo.

A Kopolo ankawatchula Mayi Morag kuti mlongo wawo, ndipo akakhala kuno ankakawaona mwezi uliwonse pasitima, n'kumakakangana za kaphikidwe ka tiyi. Mu Novembala, pa Lamlungu lokumbukira asilikali, ankavala kaduwa kofiira kapepala kamene anthu amavala kuno, n'kukaima kuchipilala cha mumzinda. Sankapita kutsogolo kumene kumaima okalamba a mamendulo. Ankaima kumbuyo, pafupi ndi mtengo wa getsi, mamendulo awo ali m'thumba. Ankati anapita kunkhondo ya eni osadziwa chimene akumenyera, ndiye sanabwere kudzatamandidwa, anabwera kudzaimira mnzawo. Ulendo womaliza maso anali atayamba kuwavuta. Anatsanzika bwinobwino kwa aliyense mumsewu mwathu, n'kunena kuti akufuna kukafera kumene anthu amadziwa kukhala pansi.

Esinati atanyamuka kukaika maliro, ndinatenga foni kuti ndiwauze Mayi Morag. Ndinadina manambala anayi n'kuibwezera pansi. Ndinapolisha nsapato, ndinapita ku Wakefield, n'kukakhala pakapinga paja ndekha, osaliza belu. Katani inagwedezeka. Atatsegula chitseko sanafunse kuti wamwalira ndani. Anangoti ndilowe, ndiwauze zonse, ndipo ndisathire shuga.

Patapita masiku atatu, ndikuchokera kuntchito masana, ndinapeza mayi wokalamba atakhala chete pakhoma lalifupi la kutsogolo kwa nyumba yathu, mutu wowerama. Anali Mayi Morag, anabwera okha patakisi, osaimba foni. Anapepesa kuti maondo sakuwalola kukhala pansi penipeni. Pamapazi awo panali paketi ya shuga ndi kathumba kaja ka zikuni, komwe kaja, katasuluka ndi mvula ya zaka zinayi. Apa ndi pamene ndinawalira apongozi anga koyamba, nditaima pamsewu, anthu akudutsa.

Titalowa ndinawalozera mpando wapazenera, koma anati umenewo uli ndi mwini wake, n'kukhala pa wina. Potsanzika anatulutsa supuni m'chikwama. Anati Duncan anaigwira zaka ziwiri zokha, pomwe a Kopolo anaisunga zaka makumi asanu ndi limodzi, ndiye tikamadzapita kukamanga chiliza ku Ntcheu tidzaitenge, ikakhale kwa mwini wake weniweni.

Ili pazenerapo tsopano, pambali pa mpando, ndipo sindinaikhudze chiikireni Mayi Morag. Khushoni ya mpandowo inalowa mkati mbali imodzi, kumene ankatsamira akamasuzumira kumsewu. Pansi pake pali kachitini ka polishi ndi burashi imene anaisiya. Dzulo wogawa makalata anaima pazenerapo n'kukweza dzanja monga anazolowera, kenako analitsitsa pang'onopang'ono n'kupitirira. Novembala wafika ndipo kukuzizira, koma zenera ndalisiya lotsegula, ndipo hita sindinayatse.